Momwe mungafufuzire mbiri ya m'busa amene anakalambira m'nyumba yachifundo ya Abaptisti ku America

Musanatsegule kaundula aliyense, yambani mwamvetsa chimene chinachititsa kuti nyumbazi zimangidwe. Kalelo m'busa wa Baptist ankakhala m'nyumba ya mpingo, ndipo mphamvu zikatha ankasiya guwa pamodzi ndi denga lomwe, popanda penshoni. Bungwe loona za penshoni ya abusa la Ministers and Missionaries Benefit Board linayamba mu 1911, ndipo boma linadzalola abusa kulowa m'thumba lake la penshoni la Social Security ndi lamulo la 1954. Choncho m'busa wokalamba zaka zimenezi zisanafike, makamaka wopanda ana omusunga, ndiye woyenera kumufunafuna m'nyumba zotere.

Chitsanzo chabwino ndi Nugent Home for Baptists, pa 221 West Johnson Street mumzinda wa Philadelphia, imene inamangidwa mu 1895 ndi chuma chimene George Nugent anasiya. Nyumbayi inalowa m'kaundula wa boma wa malo a mbiri yakale wa National Register of Historic Places mu 2006, ndipo chikalata chimene chinalembedwa popempha ulemu umenewu ndicho muyambe kuwerenga, chifukwa chimafotokoza mbiri ya malowo ndi mamangidwe ake.

Mukatero pitani ku kalembera wa anthu, pamene pafunika kufatsa kwambiri. Mapepala ambiri a kalembera wa 1890 anawonongeka pa moto wa 1921, kotero yambirani pa 1900 kufikira 1950, amene ndi womaliza kutsegulidwira anthu onse. Dzina lokha lisakukwanireni, pakuti alembi ankalakwitsa kalembedwe. Fufuzaninso ndi dzina la msewu mpaka mupeze tsamba limene okhala m'nyumbamo andandalikidwa motsatizana pansi pa woyang'anira. Mukaona mawu akuti "inmate" pambali pa dzina la m'busayo musadzidzimuke ngati kuti anali mkaidi, popeza nthawi imeneyo ankalemba choncho aliyense wosungidwa m'nyumba yachifundo. Yang'ananinso mzere wotsatira, chifukwa amayi busa amapezeka pomwepo, ngakhale kuti ofufuza ambiri amawadumpha.

Kalembera sanena mipingo imene munthuyo anatumikira. Za utumiki wake lemberani American Baptist Historical Society, imene ili ku Atlanta pa sukulu ya Mercer University, ndipo m'kalatamo mutchule dzina lonse, chaka chimene mwamupeza m'kalembera, ndi dera limene mukuganiza kuti anadzozedwera ubusa.