Momwe mungabwezeretsere chopukusira cha galamafoni yakale

Galamafoni yakale siifuna magetsi, chifukwa mbale imazungulira ndi mphamvu ya sipuling'i yomwe munthu amaikunga ndi chopukusira, chitsulo chopindika chomwe amachizunguza ndi dzanja m'mbali mwa bokosi. Popeza chopukusiracho chimazuka, nthawi zambiri ndicho chimayamba kutayika, makina onse ali bwinobwino.

Choyamba, dziwani mtundu wa galamafoni yanu. Onani dzina ndi nambala pa kachitsulo kokhomedwa mkati kapena pansi pa chivundikiro, kaya ndi Victrola ya kampani ya Victor ya ku Camden ku America, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1906, kaya ndi HMV 102 yonyamula pamanja ya ku England ya mu 1931, kaya ndi Columbia.

Kenaka walitsani tochi pabowo la m'mbali mwa bokosi, ndipo apa musafulumire, pakuti m'pamene pagona nkhani. Mudzaona nsonga ya chitsulo chochokera ku makina. Ina imakhala ndi mazinga akunja ngati bawuti, ina mazinga am'kati ngati nati, ndipo ina ilibe mazinga koma kamsomali kopingasa, komwe kamafuna chopukusira chong'ambika kunsonga. Yezani kunenepa kwa nsongayo komanso mtunda wochokera pamenepo kufika kunja kwa bokosi, chifukwa chopukusira chachifupi chimakanda thabwa pozungulira. Makina a ku England ndi ku America adapangidwa pa muyeso wa mainchi, pomwe a ku Switzerland monga Thorens ndi Paillard amatsata mamilimita. Ndaonapo nsonga yotha mazinga chifukwa chokakamiza bawuti yosayenera, ndipo zimandiwawa, poti kuikonza kumaposa mtengo wa chopukusira.

Ndi miyeso imeneyi, funsani kwa ogulitsa zipangizo za magalamafoni pa intaneti, ndipo muwatumizire chithunzi cha bowolo. Chikapanda kupezeka, pitani ndi makinawo kwa mmisiri wosema zitsulo kuti akupangireni china, chokhala ndi chogwirira chamtengo chomwe chimazungulira chokha m'dzanja. Pulayasi musaiyandikitse n'komwe pansongapo.

Pochilowetsa, pakani kagirisi pang'ono, muchizunguze ndi zala kutsata mivi ya wotchi mpaka chigwire chokha. Pukusani pang'onopang'ono, ndipo mukamva kuti chayamba kulimba, lekani. Mukamva kugunda mkati mbale ikuzungulira, ndiye kuti girisi wakale adauma, koma musatsegule nokha chitini cha sipuling'i, chifukwa ikafwamphuka imatha kucheka dzanja kwambiri. Ntchito imeneyo isiyireni mmisiri wozolowera.