Momwe mungasankhire bolodi ya windsurfing yopirira mafunde a mwera ndi kumangirira chipsepse chake

Mwera ukayamba kuwomba cha mu Meyi, nyanja ya Malawi imasintha nkhope. Asodzi a ku Senga Bay amakokera mabwato kumtunda, ndipo ife okonda windsurfing, masewera oyenda pamadzi titaimirira pa bolodi yokhala ndi thanga, ndi pamene timatulutsa zida. Koma mafunde athu si aja a kunyanja yamchere, obwera limodzilimodzi motalikirana. Athuwa ndi afupiafupi, ondondozana ngati mizere ya m'munda. Bolodi yolakwika imangogunda mzere uliwonse, phaa phaa, mpaka mawondo kuphwanya. Ndiye musanatulutse ndalama, tsatani izi.

Choyamba, yambani ndi kulemera kwanu

Kukula kwa bolodi kumalembedwa m'malita, ndipo lita imodzi imanyamula kilogalamu imodzi. Ngati mumalemera makilogalamu 75, onjezanipo pafupifupi 20 a bolodi, thanga, mlongoti ndi zina zonse. Zikukwana 95. Bolodi yochepera apo idzamira mphepo ikaduka. Kumbukiraninso kuti madzi athu alibe mchere, choncho amanyamula mocheperako poyerekeza ndi a ku Cape Town kapena ku Pemba: pa malita 100 mumataya pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka. Amene sanazolowere kudzutsidwa ndi thanga ali m'madzi, amene amadalirabe kudzutsa thanga pokoka chingwe ataimirira pa bolodi, atenge ya malita 110 mpaka 120. Koma asapyole pamenepo poganiza kuti yaikulu ndiye yabwino. Pa mwera, bolodi yaikulu imauluzika ngati lata la padenga.

Chachiwiri, itembenuzeni muone kumimba

Anthu ambiri amayang'ana mitundu ya penti pamwamba, chonsecho nkhani ili pansi. Tengani thabwa lowongoka muligoneke mopingasa kumimba kwa bolodi. Ngati thabwalo likugona lonse phwatalala, bolodiyo ndi ya madzi abata. Mukufuna yokhala ndi kamsana pakati, moti thabwa lizipendekera uku ndi uku. Kamsana kameneka, kamene amakatcha V, kamang'amba funde ngati mphuno ya bwato. Zikhala bwino koposa ngati mbali zonse ziwiri za kamsanako kuli timigula tosaya, chifukwa timafewetsa kugunda. Mphuno ikhale yotukukako kuti isamazike m'funde lotsatira, ndipo mulifupi mwa bolodi mukhale masentimita 60 mpaka 66.

Mabolodi otere amalembedwa kuti freewave kapena freestyle wave. Freeride yaing'ono nayonso imachita bwino. Ya slalom isiyeni ngakhale ikhale yotchipa, pakuti anaipangira akatswiri a mpikisano ndipo pa mafunde sikhululuka.

Chachitatu, dziwani bokosi la chipsepse musanalipire

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri amalira atagula kale. Chipsepse ndi kachinthu kaja kotsika pansi kumchira, kamene kamaletsa bolodi kutsetsereka cham'mbali. Mutu wake umalowa m'bokosi, ndipo mabokosiwa si ofanana. Kuno kwathu zipsepse sizipezeka m'sitolo wamba. Mabolodi ambiri amabwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo ena amafika opanda chipsepse kumene.

Powerbox ndi limene mudzalione kawirikawiri pa freeride ndi freewave. Lili ndi bawuti imodzi yolowera pamwamba pa bolodi, ndipo mutu wa chipsepse ndi wosongokera kumtunda moti umathina pamene mukumanga. Ndi losavuta, ndipo kwa ambiri a ife ndi lokwanira.

Tuttle lili ndi mabawuti awiri, onse olowera pamwamba. Ndi lolimba kwambiri, la zipsepse zazitali. Lilinso ndi mkulu wake, Deep Tuttle, lozama koposa. Chipsepse cha Tuttle chimalowa mu Deep Tuttle mukapeza mabawuti atali, koma cha Deep Tuttle sichilowa mu Tuttle wamba. Ndipo cha Powerbox sichigwira m'lililonse la awiriwa, ngakhale muumirize bwanji.

US box ndi mpata wautali wa kumimba. Chipsepse chimakhala ndi kachitsulo kopingasa mbali imodzi, mbali inayo bawuti yomangira pa kachitsulo kaphanthiphanthi kotsetsereka mumpatamo. Ubwino wake ndi woti mungathe kuchisuntha. Mukachibweza m'mbuyo bolodi imayenda mowongoka, mukachikankhira kutsogolo imakhota msanga. Kachitsulo kaphanthiphanthiko kakagwera mumchenga sikaoneka, ndiye sungani tiwiri kapena titatu. Slot box ndi mng'ono wake wopepuka, womangidwa ndi timabawuti ta m'mbali, ndipo amapezeka pa mabolodi atsopano a zipsepse zitatu kapena zinayi.

Ngati bolodi ndi yakale ndipo bokosi lake ndi Trim box, onetsetsani kuti chipsepse chilipo ndipo ndi chamoyo, chifukwa kupeza china ndi ntchito.

Chachinayi, sankhani msinkhu wa chipsepse

Pa bolodi ya malita 100 ndi thanga la 5.5 kapena 6.0, chipsepse cha masentimita 26 mpaka 30 chimagwira bwino. Chikhale chopindikira m'mbuyo, osati chowongoka ngati mpeni. Chikatalika kwambiri, bolodi imatukuka n'kumafuna kugudubuka mphepo ikakula. Chikafupika, mchira umaterereka mwadzidzidzi mukangotera pa funde. Pa mwera wamphamvu ine ndimakonda kutsitsa masentimita awiri kapena atatu kusiyana ndi cha masiku abata.

Chachisanu, mangani mosamala

Tsukani bokosi kaye, mchenga wonse uchoke. Lowetsani mutu ndi manja, osamenya ndi mwala. Ukakhala wothina, upaleni pang'onopang'ono ndi sandipepa mukuyesa, mpaka tsinde la chipsepse lifanane ndi mimba ya bolodi. Ukakhala wogwedera, matanipo tepi m'mbali. Pa bawuti muike washa yachitsulo, ndipo pansi pake pakhale ya labala yokhudza bolodi. Samalani kutalika kwa bawutiyo: yaitali imafika kumathero isanathine, inu n'kumayesa mwamanga, pamene yaifupi imagwira mizere iwiri yokha. Mangani ndi dzanja mpaka ilimbe, kenaka gwirani nsonga ya chipsepse muchigwedeze. Chisasunthe ngakhale pang'ono.

Ndikunena izi chifukwa tsiku lina ndinabwereka bawuti yaifupi, ndipo chipsepse chinathothoka ndili kutali ndi gombe. Ndinabwerera nditamangirira lamba wa m'chiuno, uja wokolekera ku thanga, kumchira kuti bolodi isamazungulire, mwera ukundikankhira kumpoto, ndipo ndinatulukira patali ndi pamene ndinalowera.

Musanalowe m'madzi

Malamba a mapazi muwaike pa mabowo a m'kati, ndipo kumbuyo kukhale lamba mmodzi pakati. Mukatero mumaimirira pamwamba pa bolodi ndipo mawondo amameza mafunde. Ngati mphuno ikuuluka, sunthirani tsinde la mlongoti kutsogolo sentimita imodzi kapena ziwiri. Onaninso kabawuti kopumira mpweya: kamatsegulidwa bolodi ikakhala padzuwa kapena paulendo, kuopa kuti ingafufume, ndipo kamatsekedwa musanakhudze madzi. Valani jekete yoyandamitsa, ndipo funsani asodzi kumene atchera maukonde ndi kumene kwabisala miyala. Pobwera kumtunda, tsikani madzi akadali m'chiuno, mutukule mchira, kuti chipsepse chisalime mchenga.