Momwe mungachezere ndi woyimba wongoyamba kutchuka asanakwere pa siteji

Woyimba amene wangoyamba kudziwika nthawi zambiri sakhala ndi manijala womutchingira, choncho kupeza mpata wocheza naye sikovuta. Mulembereni uthenga pa WhatsApp kapena pa tsamba lake la Facebook kukadali masiku atatu kapena anayi, ndipo munene mosabisa kuti mukufuna mphindi 15 zokha komanso komwe machezawo adzatulukire. Dziwitsaninso wokonza phwandolo, kuopa kuti alonda angadzakubwezeni pakhomo.

Nthawi yabwino ndi pamene oyimba amaliza kuyesa zida zawo, zomwe eniake amati soundcheck, anthu asanayambe kulowa. Musamuyandikire kutatsala pang'ono kuti akwere pa siteji, chifukwa panthawiyo maganizo ake onse amakhala pa nyimbo yoyamba, ndipo ambiri safuna kutopetsa mawu ndi zolankhula. Mukapatsidwa chipinda, khalani kutali ndi khoma lomwe kuseri kwake kuli masipika.

Pomwe ine ndinagwa napo ndi pa chojambulira mawu. Ndinagula memory card (khadi losungira zojambulidwa) yolembedwa 64 GB kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, pa mtengo wotsika kwambiri moti ndikanayenera kukayikira, koma kutchipako kunandikopa. Khadi lachinyengo lotere limanamiza chojambulira kuti lili ndi malo ambiri pamene enieniwo ndi ochepa, ndipo akadzaza, mawu atsopano amangosowa kapena amafufuta akale popanda chenjezo lililonse. Tsiku lomwe ndinagwiritsa ntchito khadilo, woyimba wina anandifotokozera mwakuya momwe anapekera nyimbo yake yoyamba, chojambulira chikuwerenga mphindi bwinobwino, koma nditafika pa kompyuta ndinapeza dzina la fayilo lokha, mkatimo mulibe chomveka. Nditamupempha kuti tibwereze patapita masiku, anayankha mwachidule ngati munthu amene watopa kale ndi nkhaniyo.

Kuyambira pamenepo, khadi lililonse latsopano ndimayamba ndaliyesa ndi pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, yomwe imalidzaza lonse kenako n'kuwerenganso zomwe yalemba. Zimatenga nthawi, koma chinyengo chimaonekera. Ndinazindikiranso kuti khadi lalikulu silofunikira n'komwe, chifukwa mawu osungidwa m'fayilo ya mtundu wa WAV, ojambulidwa ndi maikolofoni imodzi chojambulira chitatcheredwa pa 48 kHz ndi 16-bit, safika 6 MB pa mphindi, kotero macheza a mphindi 15 safika 100 MB. Khadi laling'ono lochokera kwa wogulitsa wodalirika ndi lokwanira. Jambulaninso ndi foni yanu ngati chodalira chachiwiri, mutayiika pa flight mode kuti woimba foni asadule zojambulazo. Maikolofoni ikhale pafupifupi masentimita 20 kuchokera pakamwa pake, ndipo musanafunse funso loyamba, jambulani masekondi 10 n'kumvetsera m'mahedifoni.

Pa mafunso, mverani nyimbo zake musanapite, n'kuyamba ndi mzere umodzi wa m'nyimbo womwe unakugwirani mtima, osati funso lotopetsa lija lakuti anayamba liti kuyimba. Akakhala chete musafulumire kumudula, chifukwa yankho labwino limabwera pambuyo pake. Mufunseni kalembedwe kolondola ka dzina lake la pa siteji, mupemphe chilolezo chomujambula chithunzi, ndipo mphindi 15 zikakwana, zimitsani chojambulira n'kumusiya akonzekere.