Momwe mungasungire ndalama ya matenda kwacha ikungogwa chonchi

Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, kuchipatala cha boma amuwona ulere inde, koma kangati kodi mwangopatsidwa kapepala kuti mukagule mankhwala ku famase? Ku zipatala za mishoni za CHAM nako ndi kolipira. Apa ndi pomwe ambiri timathamangira kwa a katapila, ndipo ine zimandiwawa kuona munthu akubweza ngongole miyezi isanu chifukwa cha malungo a masiku atatu.

Yambani ndi kuwerengera. Khalani pansi ndi akunyumba, kumbukirani chaka chathachi munawononga zingati pa mankhwala, kuyezetsa, kabaza kapena minibasi yopita kuchipatala, ngakhale chakudya cha wodikirira wodwala, chifukwa chimenechi ndiye chimadya ndalama mwakachetechete. Zonsezo mugawe pa miyezi 12, ndiye yanu yoika pamwezi imeneyo.

Kenako ipezereni malo akeake. Kaya ndi akaunti ina ku banki, kaya nambala ina ya Airtel Money kapena Mpamba yomwe simuguliramo bandulo, bola muzitha kuitapa usiku womwewo. Ku banki mkhonde kapena chipereganyu musaikeko ya matenda, kumeneko mumadikira tsiku lokumana kapena nthawi yanu ifike, wodwala uja sangadikire zimenezo.

Tsopano nkhani ya mitengo, apa mumvetsere. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mankhwala ambiri amachokera kunja ndiye mtengo wake umatsatira dola basi. Zinthu zikakwera ndi 30 peresenti pachaka, K100,000 yomwe mwaika pansi pa pilo chaka chamawa ikugulirani katundu yemwe lero ali pa K77,000. Ndiye pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pitani ku famase mukafunsenso mitengo ya mankhwala omwe mumagula pafupipafupi, maka a BP, shuga kapena mphumu, n'kukweza yomwe mumaika ija. Musakakamire pa K10,000 yomweyo zaka zitatu ayi.

Ngati muli pantchito funsani ngati pali MASM (inshuwalansi yokulipirirani kuchipatala) kapena sikimu ina yachipatala, ndipo muwerenge bwinobwino zomwe amalipira, zomwe salipira, komanso kuti mukalowa mudikira nthawi yaitali bwanji musanayambe kuthandizidwa.

Thumba la matenda lija likafika poti lingakusungeni miyezi itatu kapena inayi, yotsalayo isamangogona. Ma treasury bill a boma, omwe mukagula ndiye kuti mwabwereketsa boma ndalama kuti lidzakubwezereni ndi chiwongoladzanja, amagulitsidwa kudzera ku Reserve Bank of Malawi, alipo a masiku 91, 182 ndi 364, banki yanu ikhoza kukugulirani. Palinso ma unit trust ngati a Old Mutual, omwe ndi thumba la anthu ambiri loyendetsedwa ndi kampani kuti lipindule, mumaikamo pang'onopang'ono. Kulikonseko funso ndi limodzi, chiwongoladzanja chake akachotsa msonkho chikuposa kukwera kwa mitengo kapena ayi?

Masheya a pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, ngati a National Bank, FDH, Airtel kapena Illovo, mumagula kudzera kwa broker, yemwe ndi wololedwa kugulira ndi kugulitsira anthu masheya, ndipo mtengo wake umakwera n'kutsika. Kumeneko ikaniko ndalama yomwe simuifuna kwa zaka zisanu, ya matenda ija isayandikireko. Wina akabwera pa WhatsApp n'kumati ikani K50,000 sabata yamawa mutenge K100,000, mublokeni pompo.