Momwe mungapumire pa intaneti ndi masamba a mchezo kwa sabata imodzi

Madzulo ena mwana wanga wamkazi ankandifotokozera zomwe zinachitika kusukulu. Ine ndinkangoti "eya, eya" maso ali pa foni. Atafika pakati anasiya kulankhula, koma sindinazindikire kuti wasiya. Pomwe ndinkadzutsa mutu n'kuti atapita kale kukagona. M'mawa nditamupempha kuti amalize nkhani ija anangoti, "Zinatha zija, adadi." Zomwe ndinkaonera pa foniyo sindikuzikumbukira n'komwe, koma mawu akewo anandikhala mumtima, ndipo sabata yomweyo ndinaganiza zoti ndipumeko.

Ulendo woyamba ndinalephera tsiku lachiwiri. Ndinangodzuka n'kunena kuti kuyambira lero sindilowanso, koma foni inali pomwepo, mapulogalamu onse ali m'malo mwake. Ulendo wachiwiri ndinakwanitsa masiku 7, osati chifukwa mtima unali utalimba, koma chifukwa ndinakonzekera ndisanayambe. Zimene ndikulemba pano ndi kukonzekera kumeneko.

Musadziimbe mlandu kwambiri kuti mumalephera kuisiya foni. Masambawa anapangidwa dala kuti musachokepo msanga. Mu 2006 Aza Raskin anapanga njira yoti tsamba lisamathe, ukamasuntha chala zinthu zizingobwera popanda malekezero, ndipo patapita zaka iye mwini ananena poyera kuti akumva chisoni ndi momwe njirayo ikudyera nthawi ya anthu. Batani la Like linafika pa Facebook mu 2009. Mu 2017 Sean Parker, yemwe anali pulezidenti woyamba wa kampaniyo, anavomereza kuti ankadziwa kuti akupezerapo mwayi pa kufooka kwa maganizo a munthu. Kufookako n'kodziwika kuyambira kale. Katswiri wa za maganizo B. F. Skinner poyesa nkhunda ndi makoswe anaona kuti mphotho ikamabwera mosadziwika nthawi, nyama imalimbikira kugogoda batani osafuna kuleka. Nafenso timatsegula foni osadziwa ngati tipezamo chosangalatsa kapena ayi, ndipo kusadziwako ndi kumene kumatibwezera.

Yambani ndi kuona nambala zenizeni

Musanachotse chilichonse, onani kuti nthawi yanu ikupita kuti. Pa iPhone lowani mu Settings mupeze Screen Time, ndipo pa mafoni a Android mupeze Digital Wellbeing. Zonse ziwiri zinabwera mu 2018. Lembani papepala zinthu zitatu: maola omwe mumathera pa foni patsiku, mapulogalamu atatu omwe amadya nthawi yambiri, komanso kuti foniyo mumaitsegula kangati. Nambala yachitatuyi ndi imene imadzidzimutsa. Pepalalo lisungeni, mudzalifuna pobwerera.

Sankhani masiku, ikani malire

Sabata imodzi ndi yokwanira poyamba. Tsiku limodzi ndi lochepa, limatha chizolowezi chisanagwedezeke, pomwe mwezi wathunthu umaopsa munthu asanayambe n'komwe. Mu 2022 akatswiri a University of Bath ku England anatenga anthu 154 n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linasiya Facebook, Instagram, Twitter ndi TikTok kwa sabata imodzi, lina linapitiriza mwa masiku onse. Sabata itatha, omwe anapuma aja anali ndi nkhawa yocheperapo komanso mtima wopepuka kusiyana ndi anzawo.

Ngati ntchito yanu kapena bizinesi yanu ili pa masamba omwewo, kusiyiratu sikungatheke, ndipo musadzikakamize. Chepetsani. Ku University of Pennsylvania mu 2018, Melissa Hunt ndi anzake anachita kafukufuku pa ophunzira 143, pomwe ena anauzidwa kuti azithera mphindi 10 zokha patsiku pa Facebook, 10 pa Instagram ndi 10 pa Snapchat. Patatha masabata atatu kusungulumwa ndi kukhumudwa kunali kutachepa pakati pa ochepetsawo.

Kenako lembani malire momveka. Mawu akuti "ndichepetsako intaneti" alibe mphamvu, chifukwa ikafika 9 koloko usiku mtima umapeza pothawira. Lembani mayina a zimene mwasiya, n'kulembanso zimene mwazilola: kuimba ndi kulandira foni, imelo ya kuntchito pa maola a ntchito, zakubanki, mapu mukasochera. Chomwe sichili pa mndandanda wa zololedwa chidikire sabata yamawa. Tsiku loyambira likhale lomwe muli ndi zochita komanso muli pakati pa anthu. Kuyamba tsiku lomwe muli nokha m'nyumba popanda chochita n'kudzitchera msampha.

WhatsApp ndiye pamavuta. Anthu ambiri amalankhulirana pomwepo ndi makolo, aphunzitsi a ana ndi makasitomala, choncho sindikulimbikitsa kuichotsa. Ine ndinaisiya m'foni koma ndinaimanga miyendo. Magulu onse ndinawatseka phokoso kwa sabata (pulogalamuyo imakupatsani kusankha maola 8, sabata imodzi kapena mpaka kalekale), ena ndinawaika mu Archive kuti ndisamawaone, ma status sindinawatsegule, ndipo ndinkalowa kawiri kokha patsiku, masana ndi madzulo, kwa mphindi 10. Ndinazimitsanso tizizindikiro tabuluu tosonyeza kuti uthenga wawerengedwa, pakuti timeneto ndi timene timamukakamiza munthu kuyankha nthawi yomweyo.

Auzeni anthu

Anthu ofunika awuzeni tsiku limodzi musanayambe, kuti asade nkhawa kapena kuganiza kuti mwawakwiyira. Uthenga ukhale waufupi: "Sabata ino sindikhala pa masamba a mchezo. Pakakhala chofunika mundiimbire, foni ikhala yoyatsa." Simukufunika kulengeza ku dziko lonse. Chilengezo chachitali pa tsamba lanu chimangokukokani kuti mubwerere mukaone omwe ayankhapo. Ngati m'nyumba muli wina wofuna kupuma nanu, ndi bwino kwambiri, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Chotsani mapulogalamu, koma mosamala

Apa ndi pomwe ena amadzipweteka chifukwa cha phuma. Musanachotse pulogalamu iliyonse, onetsetsani kuti mukukumbukira pasiwedi yake, komanso kuti nambala ya foni kapena imelo yomwe munalembetsera ikugwirabe ntchito. Anthu ambiri analowa kamodzi zaka zapitazo ndipo sanalembensopo pasiwediyo. Sabata ikatha amapezeka kuti akaunti yawatsekera kunja.

Siyanitsaninso zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza. Kuchotsa pulogalamu m'foni sikukhudza akaunti, zithunzi zanu ndi anzanu onse amakhalapobe, ndipo pa kupuma kwa sabata imodzi zimenezi n'zokwanira. Kuimitsa akaunti, komwe amalemba kuti Deactivate, kumabisa tsamba lanu mpaka mutadzalowanso. Pa Facebook mukhoza kuimitsa akaunti Messenger n'kumagwirabe ntchito, pomwe Instagram imalola kuimitsa kamodzi kokha pa sabata. Pa X (dzina latsopano la Twitter) samalani kwambiri: mukaimitsa akaunti n'kukhala masiku 30 osalowa, imafufutidwiratu. Kufufuta, komwe amalemba kuti Delete, ndi nkhani ina, ndipo musakuyandikire panopa. Chiganizo chachikulu chotere sichipangidwa munthu atatopa kapena atakwiya.

Ngati mwasankha kuchotsanso WhatsApp, yambani mwasunga macheza anu pa Google Drive kapena iCloud. Mauthenga omwe anthu angakutumizireni amadikira mpaka masiku 30, choncho a sabata imodzi mudzawapeza. Pomaliza tulukani m'maakaunti onse pa Chrome kapena Safari, chifukwa pulogalamu ikachoka chala chimakafuna khomo lakumbuyo.

Isinthireni foni malo

Foni isagone nanu. Itchajireni kuchipinda china kapena patali poti muyenera kudzuka kuti muifikire, ndipo ngati mumadalira alamu yake pezani wotchi yaing'ono. Kuwala kwa sikirini usiku kumachedwetsa melatonin, timadzi timene timauza thupi kuti nthawi yogona yakwana, koma choposa kuwalako ndi zimene mukuwerengazo. Mkangano wa anthu osawadziwa, ukauwerenga pakati pausiku, umakusiya mtima uli m'mwamba tulo n'kuthawa. Zimitsani tizidziwitso tonse kupatula kuimba ndi mauthenga a SMS. Ena amasinthanso sikirini kuti izioneka yotuwa popanda mitundu, zomwe mafoni ambiri amalola pa Accessibility kapena Bedtime mode, ndipo foniyo imasiyadi kukopa maso.

Masiku atatu oyamba

Tsiku loyamba ndinadabwa ndi chala changa chachikulu. Ndinkatulutsa foni m'thumba, n'kuitsegula, chala n'kupita chokha pakona yakumanja pomwe pankakhala Facebook, n'kugogoda malo opanda kanthu. Zinachitika ndili pamzere, ndikudikira madzi kuti awire, ngakhale ndili pakati polemba kalata ya kuntchito chiganizo chitangondivuta pang'ono. Ndinayamba kulemba kamzere papepala nthawi iliyonse zikachitika, ndipo pofika madzulo timizere tinali tadzaza. Apa m'pamene ndinazindikira kuti sindinkalowa chifukwa chofuna kudziwa kanthu. Ndinkalowa pothawa kakuboweka, kamanyazi kokhala chete pakati pa anthu, kapena ntchito yovuta yomwe sindinkafuna kuiyamba.

Inunso chitani chimodzimodzi. Dzanja likapita ku foni, imani kaye n'kudzifunsa kuti chachitika n'chiyani pompano. Chilakolakocho chimakwera, n'kutsika chokha pakapita mphindi zochepa ngati simuchitsatira. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi omwe amawawa. Mumamva ngati kwinakwake kukuchitika zinthu inu mulibe, mumakwiya msanga, ndipo madzulo amatalika modabwitsa. Zimenezi si chizindikiro choti kupumako sikukukuyanjani. Ndi momwe chizolowezi chimalirira chikamanidwa.

Nthawi yomwe mwapulumutsa muyenera kuipezera chochita musanayambe, apo ayi foni idzailandanso. Musamange mapulani akuluakulu. Ganizirani timipata tomwe foni inkalowa: podzuka, paulendo wopita kuntchito, pa nthawi ya chakudya, musanagone. Kampata kalikonse kapatseni chake. Buku laling'ono m'chikwama, kuyenda pansi kwa theka la ola madzulo, kukonza chinthu chomwe chinawonongeka kalekale m'nyumba, kuimbira munthu mmodzi tsiku lililonse. Kuimbaku ndikukulimbikitsa kuposa zonse. Ndinaimbira mnzanga wa kusekondale yemwe kwa zaka zambiri tinkangopatsana Like pa zithunzi, ndipo m'mphindi 20 ndinamva kuti mayi ake akhala akudwala kwa miyezi, nkhani yomwe sinali pa tsamba lake lililonse. Nkhani za m'dziko mukhoza kumvera pa wailesi kamodzi patsiku. Chinthu chachikulu chikachitika anthu adzakuuzani.

Mukaterereka n'kulowa, tulukani, chotsaninso pulogalamuyo, mupitirize pomwe munali. Osayambiranso kuwerenga masiku, ndiponso osanena kuti basi zalephereka.

Kubwerera

Tsiku la 7 likatha musabwezeretse zonse nthawi imodzi. Tengani pepala lija la nambala, mukhale pansi, mulembe zomwe munazisowadi ndi zomwe simunazikumbukire n'komwe. Kafukufuku wa Hunt Allcott, Matthew Gentzkow ndi anzawo, yemwe anasindikizidwa mu 2020, amathandiza kuona nkhaniyi mwachilungamo. Iwo analipira anthu ku America kuti aimitse Facebook kwa masabata anayi chisankho cha mu 2018 chisanachitike. Anthuwo anapeza pafupifupi ola limodzi patsiku, ankacheza kwambiri ndi abale ndi anzawo, ndipo mtima wawo unapepukako, ngakhale kusinthako kunali kwapang'ono. Koma ankadziwanso zochepa pa nkhani zomwe zinkachitika m'dziko. Ndiye kuti masambawa ali ndi phindu lake, ndipo pobwerera muyenera kusankha phindu lomwe mukulifuna. Chomwe chinandigwira mtima pa kafukufukuyo n'chakuti masabata anayiwo atatha, anthu aja anapitiriza kugwiritsa ntchito Facebook mocheperapo mwa kufuna kwawo.

Bwezeretsani pulogalamu imodzi kaye, ina idikire masiku awiri kapena atatu. Mukangolowa, siyani kutsatira masamba omwe amakukwiyitsani kapena kukupangitsani kudziona wolephera, mutulukenso m'magulu omwe sabata yonse simunawasowe. Ikani malire a mphindi pa Screen Time kapena Digital Wellbeing, ndipo tizidziwitso tikhalebe tozimitsa.

Pali anthu awiri omwe ndikufuna kuwalankhula mwapadera. Ngati mumakhala nokha, kapena mukudwala, ndipo anzanu enieni ali pa intaneti pomwepo, musadule chingwe chomwe chikukugwirizanitsani ndi anthu. Siyani kungoyang'ana za anthu osawadziwa, koma macheza ndi okondedwa anu apitirire. Ndipo ngati mwapuma sabata yonse koma chisoni, kusowa tulo kapena nkhawa sizikuchoka, vuto silinali foni yokha. Kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi, osachedwa.

Ine nditabwerera, Instagram ndi X sindinazibwezeretse m'foni. Facebook ndimalowa pa kompyuta Loweruka m'mawa, WhatsApp ikadali ya kawiri patsiku pokhapokha ntchito itafuna, ndipo foni imagonabe pa shelefu ya pabalaza. Mwana uja akayamba kufotokoza za kusukulu ndimaiika foniyo chafufumimba patebulo, kutali ndi dzanja, mpaka amalize.