Kukaona mbalame ku Bosque del Apache nthawi yozizira

Mwafunsa za kaonedwe ka mbalame kudambo la Bosque del Apache ku New Mexico, m'dziko la America, m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande. Pitani pakati pa Novembala ndi Januwale, atsekwe oyera ndi ma sandhill crane (mbalame zazitali miyendo ndi khosi) atafika kuchokera kumpoto.

Lawirirani kusanache, mutavala zokhuthala mpaka magolovesi, poti kumazizira moti madzi amaundana. Imani m'mbali mwa dziwe, muli chete. Kukamacha atsekwe amadzambatuka onse nthawi imodzi, phokoso lake logonthetsa m'khutu. Kamera ikhale yokonzeka kale, sadikira munthu amenewa.

Kenako zungulirani pagalimoto pang'onopang'ono, mukuyang'ana m'minda momwe mbalamezi zimakadya. Chakumadzulo bwererani padziwe, ma crane amabwera kudzagona ataimirira m'madzi osaya.