Mmene ndinathandizira ophunzira kumvetsa mizere ya mapiri pamapu

Ophunzira anga a jogalafe ankatha kuwerenga sikelo ndi kupeza kumpoto, koma mizere yosonyeza kukwera kwa malo, makontuwa aja, inkawazunguza mutu. Ukawafunsa komwe mtsinje ukulowera, ankangoloza mwachisawawa.

Ndinaumba kaphiri kadongo m'beseni, mbali imodzi yotsetsereka kwambiri, inayo pang'ono chabe, n'kukumbapo kakhwawa. Tinkathira madzi sentimita imodzi imodzi, n'kumalemba mzere ndi kamtengo pomwe madziwo alekezera.  Titakhuthula madzi, ndinawauza kuti asuzumire kaphiriko kuchokera pamwamba.

Apa m'pamene zinawalowa. Kotsetsereka mizere inathithikana, kwinako inatalikirana. Pakhwawa paja mzere uliwonse unapindika ngati chilembo cha V, nsonga yake ikuloza kumtunda komwe madzi amachokera. Ndiye kuti mtsinje umalowera kumbali yotseguka ya V.

Titabwerera pamapu a 1:50,000, pomwe masentimita 2 amaimira kilomita imodzi, ndinawazoloweza kuyamba ayang'ana m'mphepete mwa mapu kuti aone kusiyana kwa kukwera kwa malo pakati pa mzere ndi unzake, chifukwa mapu ena amadumpha mamita 20 pomwe ena akale amawerenga m'mafiti.